Zolemba za ntchito: mitambo ndi zithunzi za setilaiti za nyengo ya mvula

Sabata yoyamba

Ntchitoyi ndi yojambula mapu a minda ndi kutsata kakulidwe ka mbewu kuyambira pobzala mpaka pokolola, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti za Sentinel-2 za Level-2A, zomwe zakonzedwa kale kuti zisonyeze kuwala kwa pa nthaka penipeni. Dera lake lili kumalo otentha, komwe mvula imagwa nyengo imodzi pachaka. Dongosolo la ntchito linalembedwa ndi masamu ophweka: setilaiti ziwiri zimadutsa pamalo amodzi masiku 5 aliwonse, mbewu imakhala m'munda masiku pafupifupi 150, ndiye kuti tidzakhala ndi zithunzi 30. Masamuwo si olakwika, koma akungowerenga kuti kamera yadutsa kangati pamwamba. Sakuwerenga kuti yaona nthaka kangati.

Kamera ya Sentinel-2 ili ndi mabandi 13, kutanthauza mitundu 13 ya kuwala yomwe imajambula payokhapayokha, ndipo onse amadalira kuwala kwa dzuwa komwe kwagunda pansi n'kubwerera kumwamba. Mtambo wokhuthala ukakhala pakati, palibe bandi ngakhale imodzi yomwe imaubowola. Zoyeza za kamera ya MODIS, yomwe ili pa setilaiti za Terra ndi Aqua, zinasonyeza kuti pafupifupi 67 peresenti ya dziko lapansi imakhala pansi pa mitambo, 55 peresenti pamtunda ndi 72 peresenti panyanja. Chiwerengero cha pamtundacho chikuphatikiza zipululu momwe, choncho kumalo otentha m'nyengo ya dzinja mitambo imachuluka kuposa pamenepo. Vuto lenileni n'lakuti mtambo womwe ukubweretsa mvula yomeretsa mbewu ndi womwewo ukutsekereza kamera. Zithunzi zoyera, zopanda mitambo, zimachuluka m'chilimwe, pomwe m'minda mulibe choti tione.

Sentinel-2 imadutsa cha m'ma 10:30 m'mawa pa nthawi ya dzuwa ya pamalopo. Nthawiyi inasankhidwa kuti dzuwa likhale litakwera mokwanira koma mitambo ya masana isanaunjikane, chifukwa pamtunda mitambo imakula nthaka ikatentha. Zimathandiza ndithu, koma m'dzinja timitambo tating'onoting'ono tonga thonje timakhala titayamba kale kutuluka pofika nthawi imeneyo. Tayang'ananso ngati dera lathu lili pomwe njira ziwiri zoyandikana za setilaiti zimalumikizana. Njira iliyonse ndi yotakata makilomita 290, ndipo malo ogwera m'njira ziwiri amajambulidwa kawirikawiri. Pafupi ndi equator malo otero ndi ochepa, ndipo mbali yaikulu ya dera lathu ili m'njira imodzi basi.

Sabata yachiwiri

Sefa yoyamba yomwe tinaika taichotsa. Inkasankha zithunzi potengera peresenti ya mitambo yolembedwa pa chithunzi chonse, n'kutaya chilichonse choposa 20 peresenti. Ndi sefa yomwe aliyense amayambira, ndipo imasocheretsa mbali ziwiri.

Tile imodzi, chidutswa chimodzi mwa zomwe zithunzi za Sentinel-2 zimagawidwamo, ndi makilomita 109.8 mbali iliyonse, kutanthauza mapikiselo 10,980 mulitali ndi 10,980 mulifupi pa mamita 10. Malo onsewo ndi makilomita oposa 12,000 a sikweya. Tile yolembedwa kuti ili ndi mitambo 5 peresenti yokha ili ndi makilomita 600 a sikweya obisika. Dera la makilomita 20 mulitali ndi 20 mulifupi ndi 400 okha, ndiye likhoza kubisika lonse pa chithunzi chomwe kabukhu ka deta kakuti n'choyera. Kumbali inayo, tile ya mitambo 70 peresenti ikhoza kukhala ndi mpata waukulu pamwamba penipeni pa minda yomwe tikufuna, ndipo sefa ija inkataya zithunzi zotere popanda kuziyang'ana n'komwe. M'dzinja zithunzi zamipatazi ndiye chuma chomwe chilipo.

Njira yatsopano ndi iyi. Timatenga mndandanda wa zithunzi zonse, ngakhale za mitambo 90 peresenti. Chithunzi chathunthu cha Level-2A chimayandikira gigabaiti imodzi, choncho sititsitsa chonse. Timayamba ndi bandi ya SCL yokha, yomwe imanena ngati pikiselo ndi mtambo, zomera, madzi kapena china, ndipo ndi yaing'ono, kuidula molingana ndi malire a dera, n'kuwerenga mapikiselo oyera pamunda uliwonse. Mabandi enawo amatsitsidwa pokhapokha ngati pali minda yooneka.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Nthawi yambiri yapita pa funso lakuti pikiselo yoyera ndi iti. SCL imapangidwa ndi pulogalamu ya Sen2Cor pa mamita 20, ndipo imaika pikiselo iliyonse m'gulu limodzi mwa magulu 12, kuyambira 0 mpaka 11. Tikusunga 4 womwe ndi zomera, 5 womwe ndi nthaka yopanda zomera, ndi 6 womwe ndi madzi. Tikutaya 0 ndi 1, mthunzi wa mtambo pa 3, mitambo pa 8 ndi 9, ndi mitambo yopyapyala ya cirrus pa 10. Gulu 11 ndi la chipale chofewa, koma kudera lotentha pikiselo yotero kawirikawiri imakhala nsonga yowala ya mtambo, ndiye nayo ikutayidwa. Magulu 2 ndi 7 ndiwo ovuta. Gulu 7 ndi la mapikiselo omwe pulogalamu yalephera kuwazindikira, ndipo ambiri a iwo amapezeka m'mphepete mwa mitambo. Gulu 2 ndi la malo akuda ndi mithunzi ya mapiri, ndipo mithunzi ina ya mitambo imabisala mmenemo. Onse awiri tawaika kumbali ya zotayidwa.

SCL payokha sikukwanira. Sentinel-2 ilibe bandi yoyeza kutentha, ndipo kuzizira ndiko chizindikiro chosavuta kwambiri chosiyanitsira mtambo ndi chinthu china choyera. Popanda bandi imeneyo, madenga owala, mchenga wouma ndi miyala yoyera zimalowa m'gulu la mitambo, pomwe mtambo wopyapyala pamwamba pa zomera zobiriwira umadutsa ngati palibe kanthu. Kulakwitsa koyambako kumangotitayitsa mapikiselo abwino. Kwachiwiriko ndiye koopsa, chifukwa kumalowetsa manambala oipa m'deta mwakachetechete. Bandi 10, ya pa 1,375 nanomita, ndiyo imaona cirrus: nthunzi ya madzi ya mumlengalenga imameza kuwala kumeneku kusanafike pansi, ndiye chomwe chikuwala pa bandiyo ndi chomwe chili pamwamba kwambiri. Koma bandi 10 ili mu Level-1C yokha, zithunzi zomwe za mumlengalenga sizinachotsedwemo, pa mamita 60, mu Level-2A mulibe. Pamapiri ataliatali pomwe mpweya ndi wouma nthaka imatha kuonekera pa bandiyi n'kunamiza ngati cirrus.

Tayesa zida zina ziwiri pambali pa SCL. s2cloudless imapereka mwayi wakuti pikiselo ndi mtambo, ndipo malire ake achizolowezi ndi 0.4. Imagwira m'mphepete mwa mitambo bwino kuposa SCL pa zithunzi zomwe tayang'ana ndi maso, koma za mithunzi siidziwa chilichonse. Cloud Score+ imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 1 yosonyeza kuti nthaka ikuoneka bwino motani, ndipo imawerengera mitambo ndi mithunzi pamodzi. Tayamba ndi malire a 0.6. Pakadali pano pikiselo ikuyenera kupambana pa SCL ndi pa Cloud Score+ kuti isungidwe.

Mithunzi imafuna masamu ake. Mtunda wochoka pa mtambo kufika pa mthunzi wake ndi msinkhu wa mtambo kuchulukitsa ndi tangent ya ngodya ya dzuwa kuchokera pamwamba penipeni. Mtambo wa makilomita 2 m'mwamba, dzuwa litapendekeka madigiri 30, umaponya mthunzi pa makilomita 1.15. Pa madigiri 45 mthunzi umagwa pa makilomita 2. Ngodya za dzuwa zimalembedwa mu fayilo ya MTD_TL.xml ya tile iliyonse, koma msinkhu wa mtambo sitiudziwa, ndiye timakoka chophimba cha mtambo, kutanthauza mapikiselo olembedwa kuti ndi mtambo, kulowera mbali yotsutsana ndi dzuwa, kuyambira msinkhu wa mamita 500 mpaka makilomita 4, n'kusunga ngati mthunzi mapikiselo okhawo omwe ali akuda pa bandi 8, ya kuwala kwa infrared kosaoneka ndi maso. Pa 10:30 dzuwa lili kum'mawa, choncho mithunzi imagwera kumadzulo, koma pakati pa matropiki dzuwa limakhala kumpoto miyezi ina ndi kumwera miyezi ina. Kulemba mbali imodzi yokhazikika mu pulogalamu ndi kulakwitsa, iyenera kuwerengedwa pa chithunzi chilichonse. Madzi, minda yosefukira ndi malo opsa ndi moto nazo ndi zakuda pa bandi 8, ndipo zikagwera m'njira ya mthunzi zimatayidwa popanda mlandu. Mtambo womwe uli kunja kwa tile umathanso kuponya mthunzi mkati, ndipo njirayi siingaupeze.

Chomaliza ndi kukulitsa chophimba kuti chidye m'mphepete mosamveka mwa mtambo. Apa pali mtengo womwe anthu ambiri sauwerengera. Kamtambo kozungulira ka mamita 200 mulifupi, tikakawonjezera mamita 100 mbali zonse, kamakhala ka mamita 400, ndipo malo otayidwa amachuluka kanayi. Mthunzi wake nawo chimodzimodzi. Thambo lodzaza timitambo tonga thonje likhoza kukhala ndi mitambo yochepa pa pepala, koma chophimba chikakulitsidwa pamatsala timipata tosakwana munda umodzi. Mtambo umodzi waukulu wa kukula komweko suwononga chotere. Takhazikika pa mamita 60 kuzungulira mitambo ndi mamita 40 kuzungulira mithunzi, ndipo tidzabwereranso pa manambalawa tikakhala ndi zithunzi zolembedwa pamanja.

Sabata yachisanu

Kwapezeka cholakwika chomwe si cha mitambo koma chimavala nkhope ya mtambo. Kuyambira pa 25 January 2022, ndi kakonzedwe katsopano ka zithunzi kotchedwa processing baseline 04.00, manambala a m'mabandi anawonjezeredwa 1,000. Kuwala kwenikweni ndi nambalayo kuchotsa 1,000, kugawa ndi 10,000. Pulogalamu yathu inkangogawa. Munda wa kuwala 0.05 pa bandi 4, ya kuwala kofiira, ndi 0.40 pa bandi 8 uli ndi NDVI, nambala yoyezera kubiriwira kwa zomera, ya 0.78. Popanda kuchotsa 1,000, manambala amakhala 0.15 ndi 0.50, NDVI n'kutsika kufika 0.54. Mtambo wopyapyala umachita zofanana ndendende: umawonjezera kuwala pa mabandi onse awiri, NDVI n'kugwa, munda wathanzi n'kuoneka ngati wavutika ndi chilala. Cholakwikacho chinkasokonezanso kusaka mithunzi, popeza pikiselo yakuda ya 0.10 inkawerengedwa 0.20. Tsopano pulogalamu ikuwerenga BOA_ADD_OFFSET mu fayilo ya chithunzi chilichonse. Kudalira tsiku lojambulira sikukwanira, chifukwa zithunzi zakale zomwe ESA, bungwe la ku Ulaya loyendetsa Sentinel, inazikonzanso nazo zili ndi 1,000 yemweyo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Mapu awiri atsopano apangidwa, ndipo ndi omwe akanayenera kupangidwa ntchito isanalonjezedwe kwa aliyense. Oyamba akusonyeza kuti pikiselo iliyonse inaoneka kangati m'nyengo yonse. Achiwiri akusonyeza mpata wautali kwambiri, m'masiku, pakati pa zithunzi ziwiri zoyera zotsatizana. Achiwiriwa ndiwo ofunika. Munda ukhoza kuoneka kakhumi m'nyengo, koma kasanu ndi katatu kakhale kumapeto mvula itasiya, pomwe masiku 50 a pakati, mbewu ikukula msanga, palibe chithunzi n'chimodzi chomwe.

Masamu a mwayi akuthandiza kuona kukula kwa vutoli. Tiyerekeze kuti ulendo uliwonse wa setilaiti uli ndi mwayi wa 0.2 wopeza munda uli poyera. M'masiku 30 muli maulendo 6, ndipo mwayi wopeza chithunzi choyera ngakhale chimodzi ndi 1 kuchotsa 0.8 yochulukitsidwa yokha ka 6, zomwe ndi 0.74. Ndiye kuti munda umodzi mwa minda inayi ukhala mwezi wathunthu osaoneka. Mwayi ukatsika kufika 0.1, yankho ndi 0.47, minda yoposa theka yabisika. Masamuwa akukometsabe zinthu, chifukwa akuyesa ulendo uliwonse ngati maere oponyedwa mwatsopano. Mitambo siichita choncho. Mvula ikamanga imatha masiku angapo, ndipo mbali ya phiri yoyang'ana kochokera mphepo imakhala ndi mtambo pafupifupi m'mawa uliwonse, pomwe mbali inayo ili mbee.

Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira zomwe zikukhudza lipoti lonse. Mapikiselo osowa sasowa mwachisawawa. Amasowa kwambiri komwe kumagwa mvula yambiri, ndi m'masabata a mvula yambiri. Tikatenga avereji ya NDVI ya dera kuchokera ku minda yooneka yokha, ndiye kuti tatenga avereji ya minda youma ndi masiku ouma. Chaka cha mvula yochepa chimakhala ndi deta yodzaza bwino, chaka cha mvula yambiri deta yake ndi yong'ambikang'ambika, ndipo kuyerekeza zaka ziwirizo ngati zofanana ndi kudzinyenga. Kuyambira pano nambala iliyonse ya avereji iziyenda ndi peresenti ya minda yomwe inaonekadi, ndipo dera ligawidwa m'zigawo za msinkhu wa malo kuti chigawo choonekera kwambiri chisaphimbe chinzake.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Tawonjezera setilaiti za ku America za Landsat 8 ndi Landsat 9, kudzera mu deta ya HLS ya NASA yomwe imagwirizanitsa Landsat ndi Sentinel-2 pa mamita 30. Landsat iliyonse imabwerera pamalo amodzi masiku 16 aliwonse, ziwirizo pamodzi masiku 8. M'mwezi maulendo amakwera kuchoka pa 6 kufika pafupifupi 10, ndipo pa mwayi uja wa 0.2 yankho limachoka pa 0.74 kufika 0.89. Phindu lenileni ndi locheperapo, popeza masiku ena Landsat ndi Sentinel-2 zimadutsa m'mawa womwewo n'kupeza mtambo womwewo. Landsat ili ndi mabandi oyeza kutentha, choncho imasiyanitsa bwino mtambo ndi mchenga kapena denga. Pa deta ya Landsat yochokera ku bungwe la USGS, ya Collection 2, bandi ya QA_PIXEL iwerengedwe ngati mabiti, timalo ta inde kapena ayi mkati mwa nambala: biti 1 ndi mtambo wokulitsidwa, 2 ndi cirrus, 3 ndi mtambo, 4 ndi mthunzi. HLS ili ndi bandi yakeyake ya Fmask yomwe mabiti ake ndi osiyana, ndiye ma code awiriwa asasakanizidwe.

Vuto la Landsat ndi kukula kwa munda. Hekitala imodzi ndi mapikiselo 100 pa mamita 10, koma 11 okha pa mamita 30. Tikachotsa mzere wa m'malire, womwe umasakanikirana ndi msewu kapena mitengo, pa Sentinel-2 patsala 64, pa Landsat patsala imodzi, ngati mwayi ulipo. Choncho Landsat ikugwiritsidwa ntchito pa minda yoposa mahekitala 2 yokha. Zaka za m'mbuyo 2013 isanafike n'zovuta kwambiri: Landsat 7 inawonongeka kachipangizo ka SLC, kowongola mizere ya chithunzi, mu May 2003, ndipo chithunzi chilichonse chotsatira chimasowa pafupifupi 22 peresenti m'mizeremizere, mitambo isanachotsedwe n'komwe.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Chithunzi chosokedwa kuchokera ku masiku osiyanasiyana chimaoneka chokongola pa sikirini, ndipo n'chomwe anthu ofuna mapu amapempha. Tayesa njira ziwiri. Median ya mwezi, nambala ya pakati mwa manambala onse a pikiselo, imagwira ntchito pokhapokha manambala oposa theka ali oyera. Pikiselo ikakhala ndi manambala awiri okha, limodzi lili ndi chifunga, median ilibe chosankha. Njira yotenga NDVI yapamwamba kwambiri imapewa mitambo pa zomera, koma pamadzi imasankha mtambo, chifukwa NDVI ya madzi ili pansi pa ziro pomwe ya mtambo ili pafupi ndi ziro. Imakondanso tsiku lomwe mbewu inali yobiriwira kwambiri, ndiye imabisa kufota.

Vuto la njira zonse ziwiri ndi tsiku. M'mwezi wa kukula msanga, munda woonedwa pa 3 ndi munda woonedwa pa 28 zimasiyana kwambiri ngakhale zinabzalidwa tsiku limodzi. Pa chithunzi chosoka zimakhala moyandikana ngati wina ndi munda wabwino, wina wolephera, ndipo msoko wake umatsata mawonekedwe a mtambo womwe unalipo. Chithunzi chosoka chilichonse tsopano chikutuluka ndi mabandi awiri owonjezera, tsiku la pikiselo ndi chiwerengero cha zithunzi zomwe zalowa.

Pa kudzaza mipata lamulo ndi ili: mpata wosaposa masiku 15 udzazidwa ndi mzere wolunjika ndipo ulembedwa chizindikiro chakuti ndi wodzaza, mpata woposa pamenepo usiyidwa wopanda kanthu. Zosalaza monga Savitzky-Golay ndi Whittaker zimachotsa timanambala togwa chifukwa cha mtambo wotsalira, koma sizingabweze nsonga ya nyengo ngati nsongayo inagwera mumpata. Zimangojambula mzere wosalala wodutsa pansi pake, ndipo mzere wosalala umakhulupirika msanga kuposa mmene uyenera.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Sentinel-1 yalowa. Ndi rada ya C-band, 5.405 GHz, mafunde ake otalika masentimita pafupifupi 5.6. Madontho a mumtambo ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi mafunde amenewa, ndiye rada imadutsa, usana kapena usiku. Tikugwiritsa ntchito zithunzi za mtundu wa IW GRD, zokhala ndi mabandi awiri a rada, VV ndi VH, njira yotakata makilomita 250. Setilaiti imodzi imabwerera masiku 12 aliwonse. Sentinel-1B inasiya kugwira ntchito mu December 2021 ndipo Sentinel-1C inakwezedwa mu December 2024, choncho zaka za pakatipo zithunzi ndi zotalikirana.

Rada si NDVI ina. Imamva kaimidwe ka mbewu, kukakala kwa nthaka ndi chinyezi, osati kubiriwira. Mvula ikagwa maola ochepa setilaiti isanadutse, nthaka ndi masamba onyowa zimakweza manambala ngakhale mbewu sinakule. Imadutsa cha m'ma 6 m'mawa ndi 6 madzulo, ndipo ulendo wa m'mawa umakumana ndi mame. Pikiselo imodzi payokha ndi phokoso la speckle lokhalokha, timadontho towala ndi takuda tomwe rada imapanga yokha, ndiye tikutenga avereji ya munda wonse, powerengera manambala asanasinthidwe kukhala ma decibel. Zithunzi za njira zosiyana sizikusakanizidwa mumzere umodzi, chifukwa ngodya yoonera ikasintha manambala amasintha. Pamalo otsetsereka kwambiri rada ili ndi mithunzi yakeyake, ndipo mwatsoka malo amenewa ndi omwe aja mitambo imakonda. Ntchito yomwe taipatsa ndi yochepa: kusonyeza nthawi yomwe VH yayamba kukwera mbewu itamera, nthawi yomwe yagwa pokolola, ndi minda yomwe yamira m'madzi, yomwe imaoneka yakuda bii.

Zotsala. Zithunzi 20 zisankhidwe m'miyezi yonse ya nyengo, zilembedwe pamanja m'magulu anayi, poyera, mtambo wokhuthala, mtambo wopyapyala ndi mthunzi, kuti malire a 0.6 ndi mamita 60 aja ayesedwe pa umboni. Utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la m'chilimwe sitinazikhudze: SCL imatha kuziika m'gulu loyera, koma zimakweza bandi 2, ya kuwala kwa buluu, ndi kutsitsa NDVI, ndiye zithunzi za nthaka isanalimidwe ziyang'anidwe padera. Mapu a mpata wautali apangidwenso pa nyengo iliyonse kuyambira 2018, chaka choyamba chathunthu chokhala ndi Sentinel-2A ndi 2B zonse, ndipo zigawo zomwe mpata wake umaposa masiku 30 zilembedwe mu lipoti kuti zikudalira rada.